Chigubu cha Madzi a ku Inyaka

Joni, 10 Juni 1956

Okondedwa aNaphiri,

Moni kwa inu, kwa apongozi ndi kwa mlendo wathu watsopanoyo. Ine ndili bwino, kungoti chisanu cha kuno chikundiluma zala m'mawa ndikamatsuka mapoto a adona. Kaya inu ndi chifunga cha ku Kabwazi.

Kalata yanu ndinaiwerengera kukhitchini chiimirire, mpaka mkaka unasefukira pasitovu adona n'kundikalipira. Mwana wamkazi! Dzina la Tiyanjane ndalilandira, ngakhale zikadakoma mukadayamba mwandifunsa ine bambo wake.

Chinthu chimodzi chokha chandikhala pamtima. Inu kulemba simudziwa, ndipo ndikudziwa kuti okulemberani ndi kukuwerengerani ndi a Rafaelo, aphunzitsi a katekisimu. Zikomo a Rafaelo, poti ndinu mukuwerenga panopa. Koma m'kalatamo muli mawu akuti mwana ali ndi maso okongola ngati a amake. Mawu amenewa anatuluka pakamwa panu, aNaphiri, kapena wolembayo anangothirapo ake? Inu ndimakudziwani, simudzitama. Ndangofunsa chabe.

Ndatumiza mapaundi awiri papositi. Mugule bulangete la mwana, yotsalayo mulembe aganyu okumba kachewere kudimba. Atsibweni anu a Kenan asagwireko ndalamayi, ndikudziwa kumene imathera ikalowa m'thumba mwawo.

Mwezi wamawa abwana akupita kutchuthi kunyanja yamchere, kwa Apwitikizi. Ali ndi bwato la matanga limene amalisunga ku Lorenso Makesi, ndipo akuti ndipite nawo ndizikawaphikira momwemo. Ine munthu wa kumapiri, woti mtsinje wa Linthipe ukadzadza ndimabwerera pagombe! Ndinafunsa mnzanga wosamalira maluwa chifukwa chake asankha ine, iye anangoseka. Kuseka kumeneko sindinakukonde.

Musaiwale kuti mwanayo sanatengedwe, mwambo wake ukudikira ine. Panthawi ngati ino kholo likayenda njira yolakwika mwana amatupa, inu mukudziwa. Ine kuno ndikudzisunga. Inunso mudzisunge.

Ine wanu,
Kalisto

Chilumba cha Inyaka, 15 Julayi 1956

Amake Tiyanjane,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mwana. Ine moyo ulipo, ngakhale masiku oyamba ndinkaganiza kuti matumbo ndiwasiya m'nyanja muno.

Azungu ndi anthu odabwitsa. Munthu ali ndi nyumba ya zipinda zambiri, bedi la sipuling'i, koma akulipira ndalama kuti azikagona m'kabokosi kogwedezeka, mutu ukugunda denga. Bwatoli lilibe mphamvu yakeyake, limadalira mphepo. Mphepo ikaleka timangokhala pamadzi ngati abakha, abwana akusuta kaliwo n'kumati ndiye kukoma kwake kumeneko. Mphepo ikabwera, bwato lonse limapendekera mbali imodzi, mazira anga n'kugubuduka. Sitovu yake anaipachika kuti izilendewera, ndipo ndimaphika nditadzimanga lamba m'chiuno ngati mbuzi.

Padoko pano pali mabwato osawerengeka, a ku Joni, a ku Halale, ena a Apwitikizi. Madzi amathawa okha m'mawa mpaka kusiya mchenga wautali ngati kuchokera kwathu kukafika kutchalitchi, madzulo n'kubwereranso. Ndinafunsa amene amawatsegulira, palibe anandiyankha zomveka. Madzi akaphwa choncho eni chilumba amabwera ndi madengu a nkhanu, nsomba ndi zigoba. Mtengo wa mzungu ndi wina, wa Mpwitikizi ndi wina, ndipo ine akandiona ndavala yunifomu yoyera amanditchulira wa mzungu. Ndimawerenga nsomba kawiri asanachoke.

Ndapezako munthu wolankhula chathu. Ndi mayi wina dzina lake Jestina, amachapa zovala za alendo padoko pano, kwawo ndi ku Ulongwe, tsidya la malire athu. Ndinatsala pang'ono kulira atandipatsa moni. Ndi amene amandithandiza kutsitsa mitengo.

Wina ndi Mandla, Mzulu amene amakoka zingwe ndi kukweza matanga. Poyamba sindinkamukhulupirira chifukwa amayang'ana kwambiri shuga wanga, koma ndi munthu ndithu. Dzana ndinamuona akudzaza mabotolo ndi madzi a m'nyanja. Akuti kwawo munthu sangafike kunyanja n'kubwerera chimanjamanja, madzi amenewa ndi mankhwala aakulu, amalimbitsa thupi ndipo choipa sichiyandikira pakhomo pamene alipo. Nthawi yomweyo ndinaganiza za Tiyanjane, mwana wosatengedwa, bambo wake ali kutali, m'mudzi muli maso amitundumitundu. Ndinapempha chigubu chachikulu cha vinyo chimene abwana anamaliza, cha galasi cholukiridwa ndi mlaza, n'kuchidzaza. Ndinatungira pamlatho wa doko pomwepa, pakati pa mabwato, poti kwakuya ine sindipitako.

Kodi kachewere anatuluka matumba angati? Kalata yanu sinatchule.

Kalisto

Joni, 19 Ogasiti 1956

Amake Tiyanjane,

Moni nonse. Tinabwerako bwino, ngakhale sabata yathunthu pansi pankaoneka ngati pakugwedezeka ndikamayenda.

Kalata ino yabwera pamanja ndi a Benedicto a kwa Kaphuka, amene atha kontalakiti yawo kumgodi. Ndawapatsira chigubu chija, nsalu imodzi ya inu, mpango wa apongozi ndi zigoba zitatu zoti mwana azidzaseweretsa. Pakamwa pa chigubu ndamatapo phula la kandulo ndipo ndadindapo chala changa. Mukapeza phulalo losweka mundiuze. A Benedicto ndi munthu wabwino, koma akhoza kuyesa kuti muli vinyo, kapena kutaya madziwo panjira chifukwa cha kulemera n'kudzathiramo a pachitsime ali pafupi kufika. Mulawe kaye. Akapanda kuwawa mchere ndiye kuti si amenewo.

Mwana muzimumwetsa supuni yaikulu imodzi m'mawa uliwonse asanayamwe. Akalira musamumvere chisoni, mankhwala sakoma. Chigubucho chizikhala kuseri kwa mtsuko, ndipo musagawireko munthu, ngakhale achemwali anu. Asisitere a kumishoni musawauze, iwo chilichonse chimene sichinachokere m'kabati mwawo amati n'chachikunja. A Rafaelo, zimenezi mwawerengazi zithere pakhonde pomwepo.

Tsono pali kanthu kena. Mnyamata wina wa kwathuko amene wafika kuno posachedwa akuti anakuonani mutakwera njinga ya a Rafaelo pochokera ku Misa, mwana ali kumsana. Ine ndinamuyankha kuti mwina mwendo unkakupwetekani. Kodi unkakupwetekani?

Kalisto

Joni, 14 Okutobala 1956

Amake Tiyanjane,

Moni. Za umoyo wanga musafunse, chilandirire kalata yanu chakudya sichikulowa.

Mukuti mwana akutsegula m'mimba kosalekeza, akuwonda, ndipo tsopano nkhope ndi mapazi zayamba kutupa. Mukuti akuluakulu amuona ndipo onse akuti ndi tsempho. Inenso ndikuti ndi tsempho. Funso ndi lakuti wamusempha ndani.

A Kenan akuti ndine. Akuti anamva okha m'kalata yanga kuti ndinapeza mkazi pachilumba mpaka ndinafuna kulira. Ha! Ndiye kuti makalata anga amawerengedwa pabwalo, mudzi wonse utatchera makutu? Jestina ndi mayi wa imvi, mano akutsogolo alibe, ali ndi zidzukulu. Ndipo ndikadakhala ndi kanthu naye, ndikadamulemba dzina m'kalata yopita kwa mkazi wanga? A Kenan aganize bwino asanatsegule pakamwa. Ine m'bwatomo ndinkagona pa matumba a mbatata, Mandla mbali iyi, nangula mbali inayo. Kuno ku Joni ndimagona m'kachipinda ka kuseri kwa garaja, ndipo geti amakhoma abwana eni ake.

Tsono ngati si ine, watsala ndani? Ndinakufunsani za maso okongola, simunayankhe. Ndinakufunsani za njinga, mwayankha kuti kunali mvula. Mvula mu Ogasiti? Mwina mumanena mawawa, koma mawawa sanayambe akwezapo mkazi wa mwini panjinga. Ndipo yankho limenelo analemba ndi mwini njinga yemweyo. Ine ndingadziwe bwanji mawu anu ndi ati, ake ndi ati? Ndingadziwe bwanji kuti zimene ndimalemba amakuwerengerani zonse?

Mtima ukundiwawa, Elena. Ndimadzuka kusanache kukolezera anthu ena moto kuti inu mufunde bulangete, ndiye mwana wanga azitupa chifukwa cha munthu wa manja osalala ogwira choko.

A Rafaelo, iyi ndi kalata yanga yomaliza imene mwagwira. Ndalembera mng'ono wanga Gervazio, amene ali pa ntchito ya mitengo ya paini ku Phiri la Dedza, kuti azibwera kudzawerenga ndi kulemba. Inu pakhomo panga musapondeponso, ngakhale kudzapempha madzi akumwa.

Za mwanayo, choipa chimene chalowa ndi chachikulu, supuni imodzi siingachithe. Muzimumwetsa theka la kapu ya tiyi m'mawa, theka lina madzulo. Akasanza mudikire pang'ono n'kumupatsanso. Madzi amenewo ndi okhawo amene akumugwira kuti afike lero.

Kalisto

Joni, 18 Novembala 1956

Amake Tiyanjane,

Moni. Ine ndilipo.

Kalata yolemba Gervazio ndailandira. Zilembo zake ndi zokhotakhota ngati mapazi a nkhuku, koma bola ndikudziwa kuti mulibe zokometsera. Akuti munalira tsiku lonse ndipo munalumbira mutagwira kolona kuti simunadziwe mwamuna wina. Akutinso a Rafaelo anapinda kalata ija bwinobwino, kukupatsani ndi manja awiri, n'kukwera njinga osanena kanthu. Munthu wosalakwa akadadzikanira. Ine kukhala chete kumeneko kwandiuza zambiri.

Mukupempha kuti mupite naye mwana kuchipatala cha kumishoni poti sakusintha. Njira ya kuchipatalako imadutsa pakhomo pa ndani, mukuyesa ndaiwala? Nokha musapite. Mudikire Gervazio akuperekezeni. Wandiuza kuti mvula ikayamba amakhala kuphiri kuwoka mbande za paini ndipo kapitawo salola munthu kutsika mpaka ntchito ithe, mwina chaka chatsopano chitadutsa. Si kutali. Pakadali pano pitirizani madzi aja.

Kalata iliyonse yochokera kwa ine muziika m'bokosi osatsegula mpaka Gervazio abwere. Musapatse mwana wasukulu, musapatse wa kusitolo, onsewo anaphunzira kwa munthu mmodzi. Ndikadzamva kuti ina yatsegulidwa ndi dzanja lina, ndidzadziwa kuti ukwati mwauthetsa ndinu.

Ndatumiza paundi imodzi ya mbewu ya nyemba. Chimanga mubzale ndi mvula yoyamba, musadikire a Kenan.

Mwezi wamawa abwana akubwereranso kuchilumba kuja kukadyera Khirisimasi. Ndikatungako madzi ena, poti ndikuganiza kuti chigubucho chatsika.

Kalisto

Chilumba cha Inyaka, 20 Disembala 1956

Elena,

Moni ndilemba pambuyo. Leka kumumwetsa mwana madzi aja. Leka lero lomwe. Wowerenga kalata ino, kaya ndinu ndani, yambani mwanena mawu amenewa musanapitirire.

Dzulo kamwana ka abwana, ka zaka ziwiri, kanagwa pamlatho wa doko n'kumwa madzi. Mandla anakavuula msanga, sikanamwe ochuluka, koma kanasanza mpaka kufooka ndipo usiku kanatsegula m'mimba. Adona analira ngati pagwa maliro. Anatumiza munthu kuhotela kukaitana mlendo wina amene ndi dokotala, ndipo ine ndinkawiritsa madzi a m'thanki ndi kumva zonse. Dokotalayo anati madzi amchere amaumitsa mwana m'kati, ndipo a padoko ndiye oipitsitsa chifukwa zimbudzi za mabwato onsewa zimatayira momwemo. Elena, zimenezo ine ndimazidziwa. Chidebe cha m'bwato mwathu ndimakhuthula ndine m'mawa uliwonse, pambali pa mlatho womwewo. Sindinaziganize.

M'mawa uno ndinatenga chigubu china n'kupita kwa Mandla. Ndinamufunsa kuti kwawo mwana wakhanda amamumwetsa wochuluka bwanji. Anasiya chingwe chimene ankakulunga n'kundiyang'ana.

"Mwana? Madzi amenewa timawaza pakhomo ndi pakhola. Akamwa ndi munthu wamkulu, kamodzi, kuti asanze. Wamwetsa mwana ndani?"

Ndinamuuza kuti ndine. Anandifunsanso kuti kuyambira liti, ndipo nditati Ogasiti anakhala pansi n'kugwira mutu.

Tenga mwana upite naye kwa asisitere, usadikire Gervazio, usadikire munthu. Unyamule ndi chigubucho ukawaonetse, uwauze kuti ndine ndinalamula. Ngati a Rafaelo angalole, akukweze panjinga kuti ufike msanga. Ndikuwapempha.

Pachilumba pano positi imadikira bwato la katundu. Jestina wavomera kuwoloka lero ndi asodzi kuti akaponye kalatayi ku Lorenso Makesi, ndipo wakana ndalama yanga. Ndapempha abwana kuti andimasule ndibwere, akuti alendo a Khirisimasi adya chiyani, tikambirana tikabwerera ku Joni. Pasi yanga ili m'chikwama mwawo.

Pa envelopu ndalemba ndi zilembo zazikulu kuti aliyense atsegule msanga. Ndalemba kutsogolo ndi kumbuyo. Ndikudziwa kuti iwe sungaziwerenge, koma mwina wina aziona popita nayo kwanu. Ambuye atithandize wina azione.

Moni kwa apongozi. Undiyankhe msanga.

Kalisto

Joni, 10 Febuluwale 1957

Amake Tiyanjane,

Ndikutchulani choncho ndithu, dzina limeneli silichoka. Moni kwa inu ndi kwa onse amene anagwira maliro. Za ine palibe chonena, ndikudzuka, ndikuphika.

Gervazio wandilembera zonse, sanandibisire. Akuti kalata yanga ya kuchilumba inafika chaka chatsopano chisanakwane. Anabwera nayo ndi mayi wina wochokera kumsika, wosadziwa kuwerenga ngati inu. Akuti munailandira, munaiona kuti ili ndi zilembo zambiri kunja kuposa masiku onse, munaitembenuza kangapo, kenako munaiika m'bokosi monga ndinalamulira. Akuti apongozi anakuuzani kuti muitane mwana wasukulu, inu n'kukana kuti bambo ake a Tiyanjane adzati ukwati mwathetsa ndinu. Ndipo m'mawa ndi madzulo munkamugwira mwana manja n'kumumwetsa theka la kapu, iye akulira, inunso mukulira.

Akuti iye anatsika kuphiri atamva uthenga wa maliro, ndipo kalatayo munamupatsa pobwera kumanda. Anaiwerenga pakhonde, anafika pa mzere wachiwiri n'kulephera kupitiriza. Akuti munamuuza kuti amalize, ndipo atamaliza munalowa m'nyumba, munatulutsa chigubu chija n'kuchiika pabwalo. Munali mutatsala madzi osakwana kapu.

Wandiuzanso kuti amene anatsogolera mapemphero kumanda ndi a Rafaelo, ndipo matabwa a bokosi la maliro anachotsa pa shelefu ya mabuku awo. Pakhomo sanalowe, anaima kumsewu.

Mwana wanga sindinamuonepo nkhope. Sindikudziwa ngati maso ake analidi ngati anu. A Rafaelo anamuona, ndipo anangolemba zimene anaona.

Ndamva kuti a Kenan asonkhanitsa katundu wanga, khasu, nkhwangwa ndi jekete lija, kuti akazitule kwathu kwa Kaphuka. Sinditsutsa. Mudzi ndi wanu, ine ndinali mkamwini, ndipo mukanena kuti ndisadzapondenso ndidzamva. Abwana andilola kubwera pa Pasaka. Ndikupempha chinthu chimodzi, kuti wina adzandilozere pamene mwana wagona. Ndikatero ndidzapita.

Koma pali nkhani imene singadikire Pasaka. Gervazio akuti m'mudzimo anthu akunenabe kuti linali tsempho, ndipo poti mawu anatuluka kwa ine mwamuna wanu, amayi kuchitsime amasiya kulankhula inu mukafika. Akuti Lamulungu mumakhala kumbuyo kwenikweni m'tchalitchi. Zimenezo ndinazibzala ndine, m'kalata imene inawerengedwa anthu akumva, ndipo ndikufuna zizulidwe anthu akumvanso.

Nchifukwa chake kalata ino sindinaitumize kwa Gervazio. Ndalemba dzina la a Rafaelo pa envelopu, kudzera kumishoni. A Rafaelo, ndilibe nkhope yokupemphani kanthu. Mukaing'amba sindidzadandaula. Koma ngati mungathe, pitani nayo pakhomo paja, mulowe mpaka pakhonde, muitane apongozi, a Kenan ndi amayi onse a kuchitsime. Muwerenge mokweza monga mumawerengera m'tchalitchi, musadumphe liwu ngakhale limodzi pofuna kundisungira ulemu. Pamene pakubwerapa muwerenge kawiri.

Elena sanasemphe mwana. A Rafaelo sanalakwe kanthu. Madzi amene anapha Tiyanjane ndinatunga ndine ndi manja anga, ndipo kalata imene ikadamupulumutsa ndinaitsekera ndine m'bokosi.

Ine,
Kalisto, bambo ake a Tiyanjane